Mtengo Womaliza

Ndinayamba kugulitsa zovala za kaunjika pa intaneti ndili chaka chachiwiri, patangopita masabata ochepa boma litachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Sikuti ndinkakonda bizinesi ayi. Mwini nyumba yomwe ndimakhala kwa Chikanda, kuno ku Zomba, anakweza lendi, ndipo ndalama yomwe amayi ankanditumizira kuchokera pa malonda awo a usipa mumsika wa Balaka sinkafikanso ndi pakati pa mwezi pomwe. Tsono kawiri pa mwezi ndinayamba kulawirira mbandakucha, kukwera minibasi ya ku Limbe, n'kukaima pakati pa amayi ena podikira kuti belo litsegulidwe.

Zomwe ndapikulazo ndimazichapa, kuzisita, n'kuzipachika pa msomali wa kuseri kwa chitseko pomwe dzuwa limawala bwino cha m'ma 10 koloko m'mawa. Ndikazijambula ndimaziika pa Facebook Marketplace pamodzi ndi mtengo komanso nambala yanga ya foni. Amene watsimikiza amandipeza pa WhatsApp, amalipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo katundu timakapatsirana pa depoti kapena ndimamutumiza pa basi. Phindu lake ndi lochepa. Mtengo wa belo unkangokwera, mpaka mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika ku Lilongwe anachita zionetsero. Ine diresi yopikula pa K9,000 ndikaigulitsa pa K16,000, n'kuchotsapo ya minibasi ndi ya bandulo, yotsalayo inkangokwanira ndiwo za masiku angapo.

Chimene palibe anandichenjeza n'chakuti pa anthu khumi ondilembera, wogula amakhala mmodzi kapena awiri. Ambiri amayamba ndi kufunsa ngati katunduyo akadalipo. Poyamba ndinkayankha mwaulemu, moni ndi zonse, mpaka ndinadzazindikira kuti funsolo salemba ndi iwo: Facebook imalilemberatu m'Chingerezi, munthu amangodina. Ndinakhala ndikupereka moni kwa makina. Ena amafunsa kuti, “Mtengo womaliza ndi zingati?” asanafunse n'komwe kukula kwa chovalacho. Ena amati ndiwasungire mpaka kumapeto kwa mwezi, mwezi n'kutha, iwo zii.

Ine ndinakulira pambali pa benchi la amayi, choncho kunenerera sikundidabwitsa. Kumsika kunenerera ndi macheza. Wogula amayamba ndi moni, amafunsa za kunyumba, amanyozako usipawo kuti ndi waung'ono, amayi amaseka n'kunena kuti kunyanja kuli mwera. Wogula amachita ngati akuchoka, amayi amamuitana, amagwirizana, pomaliza amamuikira banyira. Sindinawamvepo amayi akuuza kasitomala kuti “ayi”. Akafuna kukana amati, “Tayendani kaye muone kwina,” kapena amangotembenukira kwa wina amene wangofika. M'kalasi tinaphunzira za Penelope Brown ndi Stephen Levinson, amene m'buku lawo la mu 1987 anafotokoza kuti ulemu ndi ntchito yoteteza nkhope ya mnzako, kuti asachoke pamaso pako ali ndi manyazi. Pamene aphunzitsi ankalemba zimenezi pa bolodi, ine ndinkangoona amayi ali pa benchi lawo lija. Ndipo miyezi yoyamba ndinayesetsa kugulitsa ngati iwo.

Munthu woyamba kumubuloka anali bambo wina. Ndikuti kubuloka chifukwa ndi mmene tonse timanenera. “Kutsekera” kukumveka ngati ndinamuika m'chitolokosi. Bamboyu ankafuna siketi ya mkazi wake, ndipo uthenga wake woyamba unali wabwinobwino: “Mwaswera bwanji achemwali? Siketi ija mukadali nayo?” Tsiku lachiwiri anapempha chithunzi china. Lachitatu anati mkazi wake ndi wofanana thupi ndi ine, choncho ndiivale siketiyo n'kudzijambula. Ndinakana m'njira ya amayi, ndinati foni yanga yatsala pang'ono kuthima. Usiku womwewo, cha m'ma 11 koloko, kunabwera uthenga wa mawu atatu: “Ukugona kuti iwe?”

Sanatukwane. Mawuwo mutawamasulira m'Chingerezi theka la chipongwe chake litayika, poti kumeneko iwe ndi inu ndi liwu limodzi. Koma ife tikudziwa kutalika kwa mtunda umene uli pakati pa mu- ndi u-. Munthu amakutchula iwe mukakhala kuti munakulira limodzi, mumadyera mbale imodzi, kapena akakhala kholo lako. Bambo ameneyu analumpha mtunda wonsewo m'masiku atatu osapempha, komanso ankadziwa kuti ndimakhala kwa Chikanda poti ndinamuuza ndekha pokambirana kokapatsirana katundu. Ndinadzuka n'kukaona ngati chitseko ndinakhoma. Kenako ndinamubuloka pa WhatsApp ndi pa Facebook pomwe. Za ameneyu mtima wanga sunanditsutsepo.

Wachiwiri anali wakuba wamba. Ananditumizira uthenga wooneka ngati uja umabwera ndalama zikalowa, wonena kuti ndalandira K40,000 pa jekete ya K14,000. Kenako anaimba akudandaula kuti walakwitsa, ndimubwezere yapamwambayo msanga chifukwa mwana ali kuchipatala. Uthengawo unachokera pa nambala ya munthu, ndipo nditaona ndalama zanga m'foni zinali zomwe zija, K2,300.

Vuto linayamba pamene chala chinazolowera. Kubuloka kulibe phokoso. WhatsApp simuuza munthu kuti wabulokedwa. Iye amangoona kuti chithunzi chako chasowa, ndipo uthenga uliwonse akatumiza umaima pa tiki imodzi, ngati kuti foni yako yathima. Sipakhala mkangano, sipakhala woonerera. Kumsika ukathamangitsa kasitomala mzere wonse wa mabenchi umaona, ndipo mawa lake anzako amakufunsa. Pa foni ndinkatha kuchotsa munthu ndili pa mzere wogula chipisi, n'kupitiriza nkhani ndi anzanga. Pofika pakati pa 2024 mndandanda wanga unali ndi manambala 23. Wina ndinamubuloka chifukwa chotchula theka la mtengo, wina chifukwa chondiimika pa depoti ola lathunthu osabwera, winanso sindikumbukira n'komwe chimene anachita. Ndinkadziuza kuti ndili ndi mabuku oti ndiwerenge, ndipo zinali zoona.

A nambala 24 anali mayi ena amene ankafuna diresi yobiriwira ya manja aatali yomwe ndinaiika pa K18,000. Mayiwa sanachokepo pa inu ngakhale tsiku limodzi. M'mawa uliwonse ankayamba ndi “Mwadzuka bwanji mwana wanga?”, kenako za kuzizira, kenako, “Nanga diresi ija mtengo womaliza ndi zingati?” Ndinatsika kufika pa K16,000. Anathokoza kwambiri, mawa lake n'kufunsanso funso lomwelo. Ankakondanso kutumiza mauthenga a mawu, aataliatali, ena opitirira mphindi ziwiri, omwe ankandidyera bandulo. Ambiri ndinkangomvetsera poyambira pokha. Tinayenda chotero masiku 12. Tsiku la 13 linali la mkati mwa mayeso, ndinali ndisanagone, ndipo mtsikana wina wa chaka choyamba anabwera kuchipinda kwanga K17,000 ili m'manja. Paja akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndinagulitsa diresiyo, ndipo pothawa ntchito yofotokoza, mayi aja ndinawabuloka.

Lamlungu la sabata yotsatira amayi anaimba atangoweruka kutchalitchi. Sanayambe ndi nkhaniyo. Anafunsa za mayeso, za chakudya, ngati chifuwa chija chinatheratu. Kenako anati:

“Kodi foni yako yawonongeka?”

“Ayi amayi, si yomwe tikuyankhuliranayi?”

“Chabwino. Poti anzanga aja a kumvano akuti sabata yonseyi sukupezeka. Akuti mwina akubera foni. Adandaula kwambiri, mpaka takupempherera.”

Nambala yanga anawapatsa ndi amayi. Diresiyo ankafuna kukavala pa chinkhoswe cha mwana wawo, ndipo ndalama ankadikira kuti agulitse nandolo. Malinga ndi amayi, zonsezi anali atandiuza kale. Nditadula foni ndinabwerera ku mauthenga a mawu aja, poti munthu ukamubuloka zomwe munalemberana kale sizifufutika. Zinalimodi, mu uthenga wachiwiri, patadutsa mphindi imodzi ndi theka: dzina la mudzi wathu, dzina la amayi, ndi tsiku la chinkhoswe.

Madzulo ndinawaimbiranso amayi n'kuwauza zoona. Zinanditengera nthawi kuwafotokozera kuti kubuloka n'chiyani. Atamvetsa anakhala chete, kenako anafunsa, “Ndiye iwo amayankhula okhaokha, iwe osamva?” Ndinati eya. “Ndipo sadziwa?” Ndinati sadziwa. “Bola ukanawatukwana,” anatero amayi, “akanadziwa choti ayankhe.”

Sindinangogonja. Ndinawauza za bambo wa siketi uja, nkhani yomwe ndinali ndisanawauzepo. Ndinawakumbutsa kuti iwo ali ndi anzawo kumanja ndi kumanzere, moti munthu wachipongwe akafika pa benchi lawo msika wonse umamukuwiza, pamene ine ndimakhala ndekha m'chipinda ndi foni, ndipo chonditeteza ndi batani lomwelo. Sanatsutse. Anangoti, “Ameneyo unachita bwino, koma ukanandiuza.” Za anzawo aja sanabwezeponso mawu.

Chimene chinandisowetsa tulo usiku umenewo si manyazi okha. Chaka chomwecho tinali titaphunzira za John Searle ndi nkhani yake ya mu 1975 yokhudza kuyankhula kosalunjika, kuja munthu amafunsa funso pamene chomwe akuchita ndi kupempha. Funso la mayeso pa mutu umenewu ndinalikhoza bwino. Koma kwa masiku 12 mayi ankandifunsa mtengo omwe ankaudziwa kale, ine n'kumayankha ndi manambala. Sankafuna kuti nditsitsenso. Munthu wamkulu sangauze mwana wa mnzake kuti “ndilibe ndalama, ndidikire”. Amangobwera pa benchi tsiku ndi tsiku, kugwiragwira katunduyo, kufunsa mtengo, kuti wogulitsa adziwe kuti mwini wake alipo. Amayi akanamva zimenezi tsiku lachiwiri, n'kupinda diresiyo kuiika pansi pa benchi. Khutu lomwe linagwira msanga chilembo chimodzi mu uthenga wa bambo uja linalephera kumva chiganizo chonse chobwerezedwa kakhumi ndi kawiri, ndipo onse awiri ndinawapatsa chilango chofanana.

Mawa lake ndinatsegula mndandanda uja n'kuyamba kuwerenga manambalawo mmodzimmodzi. Bambo uja, wakuba uja ndi ena asanu a mtundu wawo ndinawasiya momwemo, ndipo akadali momwemo. Wondiimika pa depoti uja ndinamuganizira nthawi yaitali, n'kumusiyanso. Otsalawo ndinawamasula, ngakhale ambiri sanadziwe n'komwe kuti anamangidwapo. Kuyambira pamenepo munthu akanditopetsa ndimamulembera kaye kuti katunduyo ndisunga mpaka tsiku lakutilakuti, likadutsa ndigulitsa. Ndi mawu ouma, amayi sangawanene, koma munthu amakhala ndi poyankhira.

Kwa mayi aja ndinalemba uthenga wautali. Ndinayamba ndi moni, ndinafunsa za kumudzi ndi za chinkhoswe, kenako ndinapepesa kuti diresi ija inapita. Za kubuloka sindinatchule, mtima unandichepera. Matiki anabwera awiri, ndipo pasanathe ola kunafika uthenga wa mawu wa mphindi zitatu. Ndinakhala pansi n'kuumvetsera wonse. Anathokoza Mulungu kuti foni yapezeka. Anati za diresi ndisadandaule, mlamu wawo wawalonjeza kuwabwereka ina. Anafotokoza za mtengo wa nandolo, za mwendo womwe ukuwavuta, za mbuzi yomwe inalowa m'dimba la eni. Chakumapeto anati aona pa chithunzi bulauzi ina yoyera ya mabatani kutsogolo, n'kufunsa kuti mtengo wake womaliza ndi zingati.