Ulendo wa Panjinga Wopita ku Linga

Tinanyamuka ku Salima m'bandakucha, itangotha swala ya Fajiri, mwera ukutikankha kumsana. Tinalipo awiri, ife ndi mwana wa mchemwali wathu amene akuphunzira ntchito ya zamagetsi. Pakaliyala pake anamangapo laputopu yokulunga m'chitenje, ndipo ku gudumu lam'mbuyo kunali dayinamo ija yonga kabotolo, imene ambiri a inu awerengi munakula mukuiona pa njinga za Humber ndi Raleigh.

Chotiyendetsa chinali azakhali athu a ku Linga. Iwowa akalamba zedi, ndipo ndi okhawo atsala odziwa mayina a makolo athu, amene anakwatira kuti ndi amene anaikidwa kuti. Tinkafuna kulemba zonsezi iwo akali moyo. Tsono nyumba yawo ilibe magetsi, batire ya laputopuyo sisunganso moto, ndipo usiku woti mawa tinyamuka magetsi anazima, pawabanki ili gwa. Mnyamata uja sanadandaule. Anati, "Amalume, miyendo yathuyi ndiye magetsi."

Kuchoka ku Salima kukafika ku Nkhotakota pamsewu wa M5 ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 110. Ife a mawondo okalamba tinaugawa pawiri, n'kugona kwa abale ku Benga. Kumeneko anthu anatilozera kotchajitsa mafoni, koma mnzathuyo anakana kuti akufuna aone mphamvu ya dayinamo yake. Tinamuleka, poti mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imfotere yekha.

Nzeru zake zinali zotere. Dayinamo ya njinga anaipangira nyale, ndipo imatulutsa mavoti 6 ndi mawati 3 basi, njinga ikamathamanga makilomita ngati 15 pa ola. Moto wakenso ndi wopita uku ukubwerera, pomwe batire imafuna moto woyenda njira imodzi. Choncho iye analumikiza timadayodi tinayi towongola motowo, ndi kachipangizo kena kousunga pa mavoti 5, kuti uzilowa pang'onopang'ono m'pawabanki ya mtundu wotha kudyetsa laputopu. Zonsezi anaziika m'kachitini ka mafuta odzola n'kumangirira pansi pa chishalo ndi mphira.

Masamu ake ndi amene sanawerenge bwino. Tchaja ya laputopu imakoka mawati 45 kapena 65. Batire yabwinobwino ya laputopu, kuti idzaze ndi mawati 3, pafunika kupalasa maola oposa 16 osapuma, ndiye kuti palibe moto wotayika panjira. Koma umatayika. Wina umathera m'timadayodi timene timafunda, wina m'pawabanki momwemo. Pokwera chitunda liwiro limatsika ndipo kachipangizo kaja kamangoti zii. Komanso kamutu ka dayinamo kamakhukhuza tayala n'kumalira ngati nyenje, kulemeretsa pedulo, ndipo pamene pali madzi kamaterereka.

Tsiku lachiwiri tinaima pa mlatho wa Chia, pamene madzi a dziwe lalikululo amakumana ndi nyanja. Amayi anali kugulitsa nsomba m'mbali mwa msewu, ndipo ana anatiunjirira kufuna kuona kachitini kotuluka mawaya. Bambo wina wosoka ukonde anatiuza kuti iwo anasiya kalekale nyali za parafini pokopa usipa usiku, tsopano amagwiritsa ntchito mababu a batire yotchaja ndi dzuwa. Anayang'ana dayinamo ija, natifunsa ngati kwathu dzuwa silituluka.

Mnyamata uja anayankha ndi dzina la William Kamkwamba. N'zoonadi, ku Wimbe m'boma la Kasungu, lomwe lachita malire ndi Nkhotakota chakumadzulo, Kamkwamba ali mnyamata anapanga makina a mphepo mu 2002 pogwiritsa ntchito njinga yakale ya bambo ake, mapaipi a pulasitiki ndi dayinamo ya njinga. Anayatsa babu, kenaka n'kumadzaza batire yoyatsira mababu anayi ndi wailesi. Mu 2007 anakafotokoza za ntchitoyi ku msonkhano wa TED ku Arusha, ndipo mu 2009 nkhani yake inatuluka m'buku. Koma ife tikuona kuti nzeru yeniyeni ya Kamkwamba inali yochotsa munthu pachishalo n'kuikapo mphepo. Mphepo sipempha nsima, siima kuti igule chinangwa, ndipo imakhoza kuomba usiku wonse mwini wake ali m'tulo.

Tinalowa m'tauni ya Nkhotakota dzuwa litapendeka. Linga ndi mudzi wakale wa a Jumbe, kumene Salim bin Abdallah anakhazikika m'zaka za m'ma 1840, ndipo mkuyu umene amati David Livingstone anakumana ndi Jumbe patsinde pake ulipobe pafupi ndi chipatala cha St Anne's. Sitinacheze nawo malowa. Tinadutsa m'mithunzi ya mango molunjika kwa azakhali, amene anatilandira ndi mpunga wafungo wa komweko ndi kampango.

Titadya, anayala mkeka pakhonde ndi kuyamba. Sanayambire pa mayina ayi. Anayambira pa chaka cha dzombe, n'kupita ku ukwati wa mayi awo, n'kubwerera kwa agogo ena amene ankapanga zombo. Mnyamata uja zala zili pa makiyi, maso ali pa timagetsi tinayi ta pawabanki, timene tinayaka tiwiri tokha. Patatha mphindi ngati 40, azakhali atangofika pa ana a mkazi wachiwiri wa agogo awo, laputopu inathima. Thukuta la masiku awiri linathera pomwepo.

"Agogo, taimani kaye, moto watha," anatero mnyamatayo ndi mawu otsika.

"Ndiime? Iwe mwana, mawa ndikadzuka nditaiwala udzafunsa yani? Katenge kope."

Kope linapezeka la mdzukulu wa Sitandade 6, koma mdima unali utagwa ndipo tochi ya m'nyumbamo inalibe mabatire. Mnyamata uja anakhala chete kanthawi, kenaka anadzuka, natembenuza njinga chadodolido, nachotsa kachitini kaja n'kubwezera waya ku nyale. Atapukusa pedulo ndi dzanja, nyale inayaka. Anaimasula n'kupatsa mwana wina kuti aunikire pakope. Ana a pamudzipo anakhala pamzere kulimbirana kupukusa, ndipo wina akatopa kuwala kunkachepa, azakhali n'kukalipa kuti asinthane msanga.

Tinalemba mpaka anthu atabwerako ku swala ya Isha, masamba 9 a kope, mibadwo isanu. M'mawa mwake tinanyamula laputopu kupita nayo kwa wometa tsitsi wina wa kumsika amene ali ndi sola padenga, ndipo mnyamata uja anakhala pabenchi la makasitomala kukopera mayina aja limodzilimodzi, kope lili pabondo.