Khunyu ndi Mlandu Womwe Makolo Ankasenza

Kale m'midzi ya kwa Mpezeni, mnyamata akafunsira mbeta, amalume ake ankayamba afufuza kumtundu kwa mtsikanayo. Akangomva kuti m'banjamo muli wina wogwa khunyu, nkhani ya ukwati inkathera pomwepo.

Mlembi wa nkhani ino anakulira m'nyengo imeneyo. Amakumbukira mtsikana wina wa m'mudzi mwawo yemwe anali ndi chipsera kuyambira pachigongono mpaka kuzala. Tsiku lomwe anagwera pamoto anthu anachedwa kumuchotsa, poopa kuti thovu la kukamwa kwake liwapatsira matendawo. Ankadyera m'mbale yakeyake. Azichemwali ake, omwe sanagwepo n'kamodzi komwe, nawonso anavutika kupeza mabanja.

Zomwe ofufuza apeza kuno kummawa kwa Zambia zikusonyeza kuti mabanja ngati limenelo ankazunzika popanda chifukwa. Khunyu sapatsirana, ndipo kawirikawiri sachokera kwa makolo. Mu 2015 akatswiri a University of Zambia ndi anzawo anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa ku Katete, komwe odwala khunyu angapo ndithu anapezeka ndi tizilombo ta nyongolotsi ya nkhumba mu ubongo. Munthu akadya nyama ya masese yosapsa bwino, nyongolotsi imakula m'matumbo mwake. Mazira ake amatuluka ndi chimbudzi, ndipo wina akawameza kudzera m'manja osasamba kapena madzi akuda, tizilomboto timatha kukakhazikika m'mutu. Apa vuto ndi kusowa kwa zimbudzi ndi nkhumba zongoyendayenda, osati agogo a munthu.

Malungo a mu ubongo nawo amasiya ana ena ndi khunyu. Chipatala cha Chipata Central chinachita nawo kafukufuku wotsogozedwa ndi Gretchen Birbeck, pamodzi ndi zipatala za UTH ku Lusaka ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 2024, zinaonetsa kuti kupereka paracetamol ndi ibuprofen panthawi zoikika kumatsitsa kutentha kwa thupi ndi kuchepetsa kukomoka kobwerezabwereza mwa ana odwalawo.

Koma matenda a ubongo akumtundu alipodi, ndipo mlembiyu safuna kuti zimenezi zibisike. Mu 2017 Pulofesa Masharip Atadzhanov ndi anzake anafotokoza za mabanja a m'Zambia omwe ali ndi matenda otchedwa SCA7. Wodwala amayamba kudzandira ngati woledzera chikhalirecho sanamwe, mawu amamveka olemera, maso amachita chidima pang'onopang'ono. Gwero lake ndi jini imodzi yosokonekera. Kholo likakhala nayo, mwana aliyense akhoza kuitenga kapena ayi, mwayi wake ndi theka ndi theka, ndipo mwa ana matendawa nthawi zambiri amayamba msanga kuposa mmene anayambira mwa kholo. Mankhwala ochiza sanapezekebe. Komabe banja lomwe likudziwa chimene likulimbana nacho silipitanso kukalozera chala azakhali okalamba kuti ndiwo akulodza ana.

Madokotala a ubongo Zambia inayamba kuwaphunzitsa yokha mu 2018, ku UTH, ndipo oyamba anamaliza mu 2020. Akadali ochepa, ndipo ambiri ali ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 500 kuchokera ku Chipata mumsewu wa Great East. Mayi wa ku Chiparamba amene mwana wake wayamba kudzandira ayenera kugulitsa kaye mtedza kapena mbuzi kuti apeze ya basi, ndipo izi n'zimene zimamupweteka mtima kwambiri mlembiyu.