Mahatchi a Pakompyuta ndi Msewu wa ku Tete

Ku Joni kuno munthu amene ali ndi Golf GTI amakhala ndi alangizi ochuluka kuposa mkwati. Wothira petulo, wotsuka galimoto, mnzako wa kuntchito amene sanagwirepo sipanala chibadwire, onsewa funso lawo ndi limodzi: "Mwaitchuna kale?" Ukayankha kuti ayi, amakuyang'ana ngati munthu woweta ng'ombe ya mkaka amene amamwa tiyi wopanda mkaka.

Yanga ndi Golf 7 GTI. Ndinaigula kwa munthu, itayendapo kale ndithu, nditatha zaka zambiri ndikukwera mataxi ndi kusunga ndalama pang'onopang'ono kuchokera pa ntchito yanga ya zamagetsi. Anthu a kuno amaitcha "Vrrr-pha" chifukwa cha kaphokoso kamene imatulutsa giya ikamasintha, ndipo sindibisa, kaphokosoko ndi kamene kanandikopa poyamba. Injini yake, imene a Volkswagen amaitcha EA888, ndi ya malita 2.0 ndipo ili ndi turbo. Pochoka ku fakitale imatulutsa mphamvu ya 162 kW ndi 350 Nm. Otchuna ambiri amalonjeza kupitirira 200 kW osamasula bawuti ngakhale imodzi. Amangolumikiza laputopu kunsi kwa chiwongolero n'kusintha malamulo amene ali mu kakompyuta ka injini. Zimenezi amazitcha Stage 1, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi mphamvu imene umapeza. N'chifukwa chake mtima umathamanga.

Malamulo amene amasinthawo makamaka ndi atatu: kuchuluka kwa mpweya umene turbo ikankhire mu injini, kuchuluka kwa petulo wosakaniza ndi mpweyawo, ndi nthawi imene pulagi iyatse moto. Ukawonjezera mpweya ndi kuyatsa moto msanga pang'ono, mphamvu imakwera. Koma pali malire. Mukatentha kwambiri mu silinda, kapena petulo akakhala wofooka, gawo lina la petuloyo limaphulika lokha moto wa pulagi usanafikepo, ndipo kuphulikako kumamenya pisitoni ngati hamala. Amakaniko amati injini ikugogoda. Galimoto zamakono zili ndi kakhutu komva kugogodako, ndipo kakamva, kompyuta imachedwetsa moto kuti iteteze injini. Kakhutuka kamathandiza, koma kamamva pamene kugogoda kwayamba kale. Injini imene imakhala m'mphepete mwa malirewo tsiku ndi tsiku imadalira kuti kakhutuka kasalakwitse ngakhale kamodzi.

A ku fakitale amasiya mpata waukulu pakati pa mphamvu imene injini ingathe ndi imene amailola kutulutsa. Amatero chifukwa sadziwa kumene galimoto ikathere: kumalo ozizira kapena otentha, kwa munthu wosintha oyilo pa nthawi yake kapena woiwala, kumene petulo ndi wabwino kapena wokayikitsa. Wotchuna amagulitsa mpata umenewu. Choncho funso langa lenileni linali lakuti ndigulitse mpata wochuluka bwanji, nanga ndani amene ndingamukhulupirire kuti ayeze bwino.

Ndinapita kwa otchuna awiri. Woyamba anali mnyamata wa galaja yoyera ngati chipatala, khoma lodzaza ndi zikho za mpikisano wa liwiro wa ku Tarlton. Ntchito amaidziwa, zimenezo sindikayika. Galimoto za makasitomala ake zimathamangadi, ndinaziona ndi maso anga. Anandilandira bwino, nandionetsa pa foni mapepala a dyno, makina aja amene galimoto imakwerapo n'kumazunguza matayala pamalo amodzi kuti ayeze mphamvu. Mizere yonse inali yokwera ngati phiri la Mulanje. Anati akhoza kumaliza ndisanamalize kumwa khofi. Anandifunsa funso limodzi lokha, lakuti ndikufuna mphamvu yochuluka bwanji. Nditafunsa ngati injini ipirire, anaseka n'kunena kuti injini zimenezi n'zolimba, iye watchuna zambirimbiri ndipo palibe imene inabwerera. Ndinakhulupirira kuti sakunama. Koma ndinadzifunsa kuti galimoto yofera kutali imabwerera bwanji kwa amene anaitchuna.

Wachiwiri anandilozera ndi mnzanga wa ku Ndirande amene ndi makaniko kuno. "Achimwene, pitani kwa madala aja," anatero, "koma mukapirire, sachedwa kukhumudwitsa munthu." Analidi madala a imvi, galaja yawo yakuda ndi oyilo, ndipo sanafune kumva za manambala tsiku loyambalo. Anafunsa makilomita amene galimoto yayenda. Anafuna kuona buku la sevisi. Anafunsa ngati oyilo wa m'giyabokisi anasinthidwa, poti DSG ya magiya 6 imene ili m'galimoto zimenezi imafuna oyilo watsopano pa makilomita 60,000 aliwonse. Anamasula mapulagi n'kumawayang'ana ngati sing'anga woyang'ana lilime la wodwala. Kenako anandifunsa kumene galimotoyi imapita.

Ndinawauza zoona. Masiku ambiri imayenda pa N1 m'mizere ya m'mawa, pamene ngakhale wa njinga akhoza kukupitirira. Kawiri kapena katatu pachaka ndimapita nayo ku Zwartkops, kufupi ndi Pretoria, pa masiku amene anthu wamba amaloledwa kuthamanga pa bwalo. Ndipo Disembala aliyense imanyamula ine, mkazi wanga, ana awiri ndi katundu wodzaza mpaka kudenga, ulendo wa kumudzi: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, Mwanza, mpaka Blantyre, makilomita oposa 1,700.

Madalawo anaika pulagi pansi. "Ndiye muli ndi galimoto zitatu," anatero, "koma injini ndi imodzi."

Anandifotokozera zimene ena a ife timazidziwa mwapatalipatali. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wake ndi wopepuka. Galimoto yopanda turbo imataya mphamvu kuno pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6. Ya turbo imabwezeretsa yambiri mwa mphamvuyo, koma turbo imazungulira mofulumira kwambiri kuti ikwanitse, ndipo mpweya umene ikukankha umatuluka wotentha. Ukaiuza kuti iwonjezere, ukuwonjezera katundu pa mutu wa munthu amene akukwera kale chitunda. Turbo ya GTI, imene amaitcha IS20, ndi yaing'ono poyerekeza ndi IS38 ya Golf R. Imadzuka msanga, koma mpweya wake uli ndi polekezera.

Tete ndi nkhani ina. Mzindawu uli pansi, m'chigwa cha Zambezi, kumene dzuwa la kumapeto kwa chaka limafika madigiri 40 ngakhale kupitirira. Amene anadutsako masana amadziwa mmene phula limanyezimira, ndi mmene mphepo yolowa pa windo imakhalira ngati yochokera mu uvuni. Intercooler, imene ntchito yake ndi kuziziritsa mpweya wochokera mu turbo, imadalira mphepo ya kunja. Ngati mphepoyo ndi yotentha, galimoto ndi yolemedwa, ndipo ukuyesa kupitirira thiraki pa chitunda cha ku Zobue, ndiye kuti zonse zimene zimabweretsa kugogoda zakumana pamodzi.

Ndiye pali petulo. Kuno ku Gauteng pa pampu timasankha pakati pa 93 ndi 95, ndipo otchuna ambiri amalemba malamulo awo poganiza kuti muzithira 95 nthawi zonse. Ukawoloka Limpopo umathira amene wamupeza. Ku Zimbabwe petulo amasakaniza ndi ethanol. Kwathu ku Malawi takhala tikusakaniza kuyambira 1982, ethanol wake wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa, ndipo pambuyo pake ku Chikwawa. Ethanol payekha si mdani, amathandizanso kuchepetsa kugogoda, ngakhale injini imafunika kumwa wochulukirapo kuti ipeze mphamvu yomweyo. Chimene chimandiopsa ndi nyengo zija mafuta akasowa, mizere ya galimoto itafika kutali, munthu n'kugula petulo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu. Amene anathira m'chigubumo ndi yekhayo amene akudziwa zimene zilimo. Injini ya mpata waukulu imadandaula n'kupitirira. Ya mpata wochepa ndi imene ndinkaiganizira usiku.

Madalawo anati angandipatse mphamvu yocheperapo kuposa ya mnyamata uja, pafupi ndi 190 kW, ndipo sayamba n'komwe ndisanasinthe mapulagi ndi oyilo wa m'giyabokisi. Anatinso ndalama yoyamba ndiiike pa intercooler yokulirapo, chinthu chimene palibe amene amachiona kapena kuchimva pa maloboti. Mtengo wonse unaposa wa mnyamata uja kutalitali. Kulipira zambiri kuti ulandire zochepa n'chinthu chovuta kufotokozera anzako pa braai.

Sindikufuna kuti madalawa aoneke ngati mngelo. Kusamala nakonso kumagulitsidwa. Pali amakaniko amene amakuopseza dala kuti ugule zipangizo, ndipo imvi si umboni wa luso. Pali makampani akuluakulu monga APR ndi Revo amene mapulogalamu awo aikidwa m'galimoto zochuluka m'mayiko ambiri, ndipo munthu akhoza kunena mwanzeru kuti zimenezo n'zoyesedwa bwino kuposa ntchito ya munthu mmodzi m'galaja yake. Chimene chinandikhutiritsa chinali china. Madalawo anali okonzeka kundionetsa manambala osakoma. Pepala la dyno limaonetsa mphamvu ya masekondi ochepa, chikupiza champhepo chili kutsogolo, injini itapuma. Komanso manambala ake amasintha malinga ndi makina, ndi mmene awerengera kutentha ndi kutalika kwa malo, ndi kuti akunena mphamvu ya pa matayala kapena ya pa injini. Iwo ankafuna kukwera nane m'galimoto masana dzuwa likuswa mtengo, laputopu ili pamiyendo, tiikoke katatu kanayi motsatizana, tione kutentha kwa mpweya wolowa ndi mmene kompyuta ikuchedwetsera moto pa silinda iliyonse. Kukoka kwachinayi ndi kumene kumafanana ndi Tete.

Panali njira yachitatu, yongoisiya galimoto mmene ilili. Mkazi wanga ndi amene anaitchula. "Bambo a ana," anatero usiku wina, "malire a liwiro ndi 120. Mahatchi enawo mukathamangira nawo kuti?" Funsoli lilibe yankho labwino. Ndinayesa kunena za kupitirira mathiraki mosachedwa, ndipo pali choonadi pang'ono pamenepo, koma tonse awiri tinkadziwa kuti 162 kW imapitirira thiraki iliyonse. Chilakolako cha mphamvu sichichokera ku kusowa. Ndinakulira m'mbali mwa msewu wa Zomba ndikuwerenga galimoto za anthu ena, ndipo pali kamwana mkati mwanga kamene kamasekerera turbo ikayamba kuimba mluzu. Sindichita nako manyazi. Koma anawonjezera mawu ena amene anakhala nane: amayi akadzadwala usiku, foni ikadzalira, galimoto yomweyi ndi imene idzanyamuke m'bandakucha. Ife a kunja timakhala ndi foni imeneyo m'maganizo nthawi zonse. Pa tsikulo sindidzafuna kuganiza za pisitoni.

Za waranti sizinandivute poti inali itatha. Amene yawo ikadalipo adziwe kuti makompyuta a Volkswagen amazindikira injini yotchunidwa n'kuiika chizindikiro chotchedwa TD1, ndipo zikatero injini ikawonongeka umalipira wekha. A inshulansi nawo ndinawaimbira kuwauza, chifukwa kusintha kosanenedwa kumawapatsa chifukwa chokanira kulipira ngozi ikachitika.

Ndinasankha madala aja. Ntchito inatenga masabata awiri m'malo mwa ola limodzi. Tinagwirizananso kuti chaka chilichonse, sabata imodzi ulendo wa kumudzi usanafike, ndizipita nayo abwezeretse malamulo a ku fakitale, ndipo ndikabwerako mu Januwale aikenso awo. Intercooler imakhala pomwepo, ndiye kuti galimoto imawoloka Zambezi ili ndi mpata woposa umene inachoka nawo ku fakitale. Zikutanthauza kuti abale anga ku Blantyre, amene ndinkafunitsitsa kuwaonetsa, sanakwerepo galimoto yanga yotchunidwa. Mlamu wanga anaiyendetsa pa msewu wa Chileka n'kunena kuti ikuthamanga ngati ndege, ine n'kungokhala chete.

Pa miyezi 11 yotsalayo ndimamva kusiyana kwake, makamaka pa giya yachitatu, pamene mpando umakukankha kumsana. Ku Zwartkops, pa mzere wowongoka, GTI zina za mtundu womwewu zimandipitirira, ndipo zina mwa izo zili ndi sitika ya mnyamata uja pa galasi la kumbuyo. Zimandiwawa nthawi iliyonse. Ina yoyera yandipitirira zaka ziwiri zotsatizana ndipo injini yake ili bwinobwino, mwini wake amandipatsa moni mwansangala tikamamwa madzi pa mthunzi. Ndinamufunsa kumene amapita pa Khirisimasi. Anati kwa makolo ake ku Benoni, ulendo wosakwana ola limodzi.