Manja ang'onoang'ono ndi mpira wamajumbo

Ndimaphunzitsa Sitandade 1 ndi 2 pa sukulu ya pulayimale yakumudzi, ndipo pa zonse zomwe timachita mu Expressive Arts, chimene ndimaikirapo mtima kwambiri ndi kuponya ndi kuwakha. Anthu ambiri amati mwana amabadwa nazo zimenezi. Sizoona. Mwana wazaka 6 ukamuponyera mpira amatsinzina, kutembenuza nkhope, manja ali njoo ngati nthambi zouma, mpirawo n'kumumenya pachifuwa. Mwana ameneyu akuopa, ndipo ntchito yanga imayambira pa manthawo.

N'chifukwa chake mpira wachikopa sindiutulutsa msanga. Umaluma tizala, ndipo mwana amene wapweteka lero mawa amabisala kumbuyo kwa anzake. Timapanga mpira wathu: majumbo akale timawakulunga ndi kumanga ndi luzi, osathinitsa kwambiri kuti ukhale wofewa. Kwa telala ndimakapempha zidutswa za nsalu n'kusoka timatumba tokwana m'chikhatho. Ena amaikamo chimanga, koma makoswe ndi anankafumbwe sachedwa kutiboola. Ine ndimasakaniza utuchi ndi mchenga pang'ono. Kathumba kotere kakagwa sikagubuduka kupita kutchire, choncho nthawi sithera kuthamangitsa mpira. Ku koleji ya uphunzitsi nzeru imeneyi ankaitchula kuti TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi.

Chiyambireni maphunziro aulere mu 1994, makalasi aang'ono ndi odzaza, ndipo phunziro limodzi ndi la mphindi 30 zokha. Mukaimika ana onse pamzere umodzi kudikira mpira umodzi, aliyense adzaugwira kamodzi, ena belu lidzalira asanaukhudze n'komwe. Dzanja limaphunzira pobwerezabwereza. Ine ndimafuna kuti mwana aliyense, kapena awiriawiri, akhale ndi chawochawo choponya.

Timayamba pansi. Ana amakhala moyang'anana, atatambasula miyendo, n'kumagubuduzirana mpira. Apa palibe choopsa, ndipo maso amazolowera kutsata chinthu chimene chikubwera. Kenako aliyense amaimirira n'kumadziponyera yekha m'mwamba, kufika pamphumi basi, n'kuwakha. Akazolowera timawonjezera: ponya, omba m'manja kamodzi, wakha. Kuponyerana awiriawiri kumabwera mochedwa dala, chifukwa mwana wamng'ono sanadziwe kulunjika. Mnzake akalephera kuwakha, kawirikawiri vuto limakhala la woponya. Mwana amene akuvutika kwambiri ndimamuponyera ndekha, ndili pafupi, mofatsa, kulunjika pamimba, n'kumabwerera m'mbuyo phazi limodzilimodzi.

Mawu anga amakhala ochepa. "Maso pampira!" "Manja patsogolo!" Mpira ukabwera pamwamba pa mchombo, zala ziloze kumwamba, zala zazikulu ziyandikane. Ukabwera m'munsi, zala ziloze pansi, tizala tating'ono tiyandikane. Chovuta kwambiri n'kuwaphunzitsa kuulandira mpirawo: zigongono zipindike, manja abwerere nawo kuthupi, osalimbana nawo. Ambiri amayamba ndi kuukumbatira pachifuwa. Sindiwaletsa, ndi poyambira pabwino, koma pofika Sitandade 2 ndimafuna zala zizigwira ntchito. Tsiku limene mwana wawakha koyamba maso ali otsegula, amakuwa kuti, "Aphunzitsi, taonani!" ndipo ndimasiya zonse n'kukaona.

Kuponya kumabwera msanga kuposa kuwakha, koma kuli ndi chinsinsi chake kumiyendo. Pafupifupi mwana aliyense amaponda ndi phazi la mbali yomwe akuponyera, kapena sasuntha n'komwe. Woponya ndi dzanja lamanja atsogoze phazi lamanzere, thupi lipotoke, mphamvu ichokere m'chiuno. Ndimajambula mzere padothi n'kumanga kansalu pabondo la mwendo woyenera kuwoloka. Timayamba ndi kuponya chamunsi, kulowetsa m'ndowa kapena m'dengu. Pa kuponya kodutsa paphewa, ndimayamba ndawauza kuti aponye ndi mphamvu zonse kuloza kumapeto a bwalo. Mukawapatsa chandamale msanga amaumitsa thupi, n'kumangokankha ndi mkono.

Wamanzere ndimamusiya aponye ndi manzere ake. Kunyumba ena amadzudzulidwa pa nsima ndi popatsa moni, koma pabwalo langa dzanja limenelo ndi lake, ndipo ndimangomusinthira phazi.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimachiona chaka ndi chaka. Atsikana ambiri amafika ali patsogolo pa kuwakha, chifukwa cha phada ndi fulaye. Pa phada mwana amaponya mwala m'mwamba, dzanja lomwelo n'kukankha timiyala pansi, n'kubwerera kukawakha mwala uja usanagwe. Palibe buku limene lingaphunzitse diso ndi dzanja kumvana kuposa pamenepo. Anyamata amadziwa kugenda mango ndi kumenya mpira ndi phazi, koma ukawaponyera m'manja ambiri amaugwetsa. Choncho anyamatanso ndimawakhazika pansi kusewera phada, ngakhale amayamba ndi manyazi.

Makolo ena amandifunsa ngati ana abwera kudzaphunzira kapena kudzasewera. Ndimawakumbutsa za Mwai Kumwenda, amene anayamba ntchemberembaye kumudzi ku Mzimba ndi mpira wamajumbo, n'kudzasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Sydney mu 2015. Si onse adzavale yunifolomu ya Malawi Queens, ndipo sindilonjeza kholo lililonse zimenezo. Chimene ndimawauza n'choti mwana woopa mpira ku Sitandade 1 amakula akukhala pambali pa bwalo anzake akusewera, ndipo akafika Sitandade 5 kumubweza kumakhala kovuta. Ndimawapempha kuti majumbo akale asamawatenthe, azinditumizira Lolemba.