Ndere za m'ngalande ya pa City Market

Ndinapita ku Lusaka kukaona alamu anga ku Chelstone, ndipo masiku anangotha ndi nsima ndi mpira wa pa TV. Chandilembetsa ndi ngalande yomwe ndinadumpha potsika minibasi pa City Market, cha ku Lumumba Road.

Munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mvula isanadonthe n'kamodzi komwe, koma ngalandeyo inali ndi madzi. Ochokera kuti? Pansi pake matope akuda onunkha ngati dzira lovunda, pamwamba ndere zobiriwira modera zitayalana pakati pa mabotolo ndi majumbo. Nditawerama kuti ndione bwino, ngwangwazi wina woitanira minibasi anakuwa, "Ba mudala, mwagwesa foni?" Anzake anafa nacho chiseko.

Aseke. Ndere ndi mboni yosalandira ziphuphu. Zimanenepa ndi nayitrojeni ndi fosiforasi wa m'zimbudzi, m'sopo ndi m'zakudya zowola, ndipo mtundu uliwonse uli ndi madzi ake. Mu 1969 katswiri wa ku America, C. Mervin Palmer, anasanja mitundu 20 ya ndere yopirira madzi a zonyansa n'kuipatsa mapointi. Euglena ndi Oscillatoria, akamuna a m'suweji, anawapatsa 5 aliyense, ndipo madzi ofika mapointi 20 ndiye kuti aipiratu. Ku South Africa amayeza mitsinje poyang'ana tindere ta zigoba zagalasi totchedwa diatom tomwe timamata pamiyala. Madzi otunga m'botolo amangonena za ola lomwe mwatungalo, pomwe ndere zimaulula zomwe zakhala zikudutsa kwa masabata. Chofunika ndi maikulosikopu ndi munthu wodziwa kuyang'anamo, basi. Nanga bwanji timadikira kuti anthu ayambe kutsegula m'mimba?

Lusaka anamangidwa pa thanthwe la laimu lodzala ming'alu, moti zolowa m'chimbudzi chokumba sizichedwa kufika m'chitsime. Kolera itabuka mu Okutobala 2017, Heroes Stadium inasanduka chipatala ndipo asilikali anachotsa mavenda m'misewu. Ndere sizipatsa munthu kolera ayi, koma zomwe zimanenepetsa nderezo zimayenda njira imodzi ndi tizilombo ta kolera. Mabwana a ku Kabulonga ndi Woodlands, omwe amadalira mijigo yokumba m'mipanda yawo, asamaone ngati nkhaniyi ndi ya ku komboni ya Kanyama kokha. Nafenso a ku Blantyre tisalozerane zala, mtsinje wa Mudi timaudziwa fungo lake.

Ngalande zambiri za pakati pa tauni zimathira mu Bombay Drain, kenako mumtsinje wa Ngwerere, komwe alimi amathirira nawo madimba. Ndinafunsa mayi wina wogulitsa repu komwe amaoda ndiwo zake.

"Ku Ngwerere, atate. Onani kunona kwake!"

Analidi wonona. Ndinagula mipukutu iwiri, ndipo ku Chelstone ndinaumirira kuti awiritsidwe mpaka alamu anga anadandaula za makala.