Telala wa ku Limbe ndi Mphunzitsi wa ku Dedza

Kwathu kunyanja, munthu wamkulu akamakonda kuseketsa ana timafulumira kumunena kuti ndi wopepuka. Timalemekeza wowedza, wamalonda ndi wa ntchito ya mu ofesi, koma wopeka tindakatulo toseketsa timati akutaya nthawi. Ine ndikuona mosiyana, chifukwa anthu awiri amene anandikondetsa chiyankhulo chathu anali a mtundu umenewu.

Woyamba ndi malemu E.J. Chadza, amene sindinaonane nawo maso ndi maso. Iwo anabadwa m'chaka cha 1923 m'boma la Dedza, anagwira ntchito ya uphunzitsi, ndipo anamwalira mu 1985. Buku lawo la ndakatulo, Ntchito ya Pakamwa, linatuluka chiyankhulochi chikutchedwabe Chinyanja, pakuti dzina loti Chichewa linakhazikitsidwa mu 1968. Ambiri timawakumbukiranso ndi buku la Kokha Mcheperawakalulu, losindikizidwa ndi a Popular Publications ku Limbe. Dzina lokhalo linkatisekesa m'kalasi tisanatsegule n'komwe tsamba loyamba. Powerenga zolemba zawo ndinkamva kuti ndi munthu amene anaima zaka zambiri pamaso pa ana, wodziwa kuti mwana amayamba kugwira mawu ndi khutu, tanthauzo n'kubwera pambuyo.

Wachiwiri sanasindikize buku, ndipo dzina lawo simungalipeze m'laibulale ya mu Blantyre. Anali amalume anga. Anachoka kwathu ku Malindi ali mnyamata n'kukhala telala pakhonde la sitolo ina ku Limbe, ndipo madzulo ankapita wapansi kunyumba kwawo ku Bangwe. Sukulu analekezera Sitandade 3, koma mwendo ukamapalasa makina, pakamwa pankatuluka mizere yoyenderana ndi kulira kwa makinawo. Ana ochokera kusukulu ndi kumadrasa ankaunjikana pakhondepo mpaka mwini sitolo kuwathamangitsa.

Kamodzi mwa tindakatulo tawo kankati:

Usipa wa ku Malindi unakwera basi,
Unati ukaone magetsi a ku Limbe.
Pofika pamsika unagwera m'poto,
Unati: "Ha! M'tauni mumatentha chonchi?"

Tinkaseka mpaka kugwira nthiti. Ndi pokula pamene ndinamva chisoni chobisika m'menemo: usipa uja anali iwo eni, munthu wa kunyanja amene tauni inamukazinga zaka makumi atatu ndi lendi komanso ngongole za makasitomala osalipira. Sanatidandaulire ngakhale tsiku limodzi. Mavuto awo ankawasoka kukhala nthabwala, monga ankalumikizira tizidutswa ta nsalu n'kutulutsa kabudula wa mwana.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Amalume, bwanji simuzilemba zimenezi?"

Iwo anati, "Mphwanga, pepala chiswe chimadya. Ine ndikulemba mwa inu."

Chikundidetsa nkhawa lero ndi chakuti mapepala amoyo amenewa akutha. Ana athu obadwira ku Ndirande, ku Chilomoni kapena ku Machinjiri amaloweza tinyimbo tachingerezi ku nasale asanadziwe kuyankha "Nachize!" wina akati "Chilape!" Mu 2014 boma linalengeza kuti maphunziro azichitika m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, ndipo makolo ena anayamba kuletsa Chichewa ndi Chiyao ngakhale pa mphasa yodyera. Chingerezi n'chofunika, sindikukana. Koma mwana akapita kutchuthi ku Mangochi kapena ku Nkhotakota n'kukhala duu pamene agogo ake akumuseleula, pali chingwe chimene chaduka, ndipo sukulu ya fizi yokwera bwanji singachilumikize.

Tisaganize kuti masewera a mawu alibe phindu. Jack Mapanje, mlakatuli wodziwika kunja konse, anabadwira m'mudzi wa Kadango kwathu konkuno ku Mangochi mu 1944. Mu 1983, iye ndi Landeg White anatulutsa buku losonkhanitsa ndakatulo zapakamwa za mu Africa, chifukwa ankadziwa kuti luso la cholembera limayambira pakamwa pa anthu wamba.

Ndakatulo yoseketsa imaphunzitsa popanda mkwapulo. Mwana waumbombo ukamukalipira amakwiya. Ukamupekera kanyimbo ka fisi amene anameza chipande, amaseka n'kugawira mnzake. Imaongola lilime, imakulitsa chikumbumtima cha mawu, ndipo imamuuza mwana kuti wamkulu uyu amandikonda.

Makolo anzanga, kuongola mtengo n'kuli waung'ono. Sitonse tingalembe buku ngati a Chadza, koma aliyense wa ife ali ndi khonde. Magetsi akazima, m'malo modandaula, itanani ana. Pekani mizere inayi ya chambo chonyada kapena ya kondakitala woiwala chenji. Ikapanda kukoma adzakusekani inuyo, ndipo kumeneko n'kupindula kale. Ndipo ngati m'banja mwanu muli agogo odziwa tinyimbo takale, atengeni mawu pa foni akadali ndi mpweya.