Thumba la zida pa njinga yamoto ya kumudzi

Pamsika wa Liwonde, pa Mangochi Turn-off ndi pa Balaka pomwe, pabwera timatumba takuda ta nayiloni tokhala ndi zipi, m'kati muli masipanala onyezimira, pulayasi ndi sikuludilaiva. Anyamata akabaza amatithamangira poti n'totchipa, ndiye mawa lake amafika pagalaja panga ndi nati yoti makona onse anatha. Chitsulo chake n'chofewa. Ukakoka mwamphamvu sipanala imayasama, n'kuyamba kudya mutu wa bawuti. Zipi nayo sichedwa, fumbi la mu Okutobala likangolowa m'mano mwake basi yafa. Zimandiwawa kuona munthu akunyamuka wa ku Nayuchi kapena ku Chikweo mtima uli pa zinthu zoterozo, pomwe m'njira angayende mtunda wautali osapeza makaniko.

Zida zoti munyamule imakuuzani ndi njinga yanuyo. Zimene ndazikonza kwambiri ndi Yamaha DT125, AG200 ndi Honda XL125, zija amayendera alangizi a zaulimi ndi azaumoyo. Njinga za ku Japan zimafuna manambala ochepa: 8, 10, 12, 14, 17, ndi sipanala yaikulu ya nati ya ekiselo. Nambala 9, 11 ndi 15 n'zongolemetsa thumba. Zakabaza za ku China zambiri zinatengera injini ya Honda CG, choncho manambala ndi omwewo, kungoti njinga ikadutsa m'manja ambiri mumapezapo bawuti ya 13 yochokera pa galimoto. Sipanala ya pulagi ya DT ndi 21, ya AG200 ndi 18, ndipo ambiri amazindikira zimenezi ali kale m'tchire. Bobojani ndimalola imodzi yaing'ono, yogwirira mbali ina pomasula ekiselo. Pa mutu wa masikulu a kabuleta ya njinga ya ku Japan mumaona kadontho. Sikulu imeneyo imafuna sikuludilaiva yogwira bwino mpaka pansi, apo ayi mtanda wake umafufutika.

Koma chimene chimagoneka anthu m'njira ndi tayala. Kuno ku Balaka, njira za ku Utale ndi Phalula n'zodzaza minga ya mthethe, ndipo m'timatumba ta pamsika tija simupezamo chitsulo chochotsera tayala ndi chimodzi chomwe. Mnyamata amatenga sikuludilaiva n'kumakanula nayo. Chubu chinali ndi bowo limodzi, akamamaliza chili ndi anayi.

Zitsulo zanga zitatu zochotsera tayala anasula ndi malume anga, amene anandiphunzitsa ntchitoyi pa Ulongwe, pansi pa mtengo wa mango. Iwo anayamba ndi njinga zakapalasa, kenako n'kupita kukagwira ntchito ku Harare, komwe anakazolowera injini. Anadula sipuling'i yakale ya Land Rover, n'kupita nayo kwa wosula makasu. Ine ndinali pa mvukuto. Chitsulo chikafiira ankachiphwanyitsa nsonga pang'onopang'ono, n'kuchipinda pang'ono chabe, kenako n'kuchiviika mu oilo wakuda. M'madzi ankakana, ati chimauma kwambiri n'kudzathyoka tsiku lomwe ukuchifuna. Zitazizira anandipatsa tupa kuti ndisalaze m'mbali. Ndikawapititsira ankayendetsa nsongayo pa tsaya lawo, akamva kukanda n'kundibwezera. "Mphwanga, chimene chakanda ine chiboola chubu." Nsonga yabwino imakhala ngati ya supuni yakale ya phala, yopyapyala koma yosacheka.

Malume sankalankhula zambiri pantchito, koma pa tayala pokha ankakuimirira pamutu. Mphamvu sankazifuna. Pakati pa limu pali ngalande momwe mumakhala mitu ya masipoko, ndipo ntchito yonse yagona pamenepo. Mukafuna kutulutsa mlomo wa tayala mbali ino, mbali inayo muiponde ndi mawondo kuti mlomo wake utsikire m'ngalandemo. Ukatsika, kuno kumamasuka kokha. Pochotsa mumayambira pafupi ndi valavu, pobwezeretsa mumamalizira pa valavu. Chubu musanachilowetse muchipope pang'ono kuti chisapindike n'kupanika pansi pa mlomo. Pakani madzi a sopo m'mbali mwa tayala, kachidutswa ka sopo wochapira sikalemera. Chitsulo chilowe nsonga yokha, muzitenga pang'onopang'ono, ndipo chikaimirira chilili musachipitirize kugwera mbali inayo, chifukwa apo m'pomwe chimatsina chubu pa limu. Mukaona kuti mwayamba kutuluka thukuta ndi kudzuma, siyani, bwererani mukaponde mbali ija, mlomo watuluka m'ngalande.

Kumata nako kuli ndi mwambo wake. Musanabwezere chubu, yendetsani zala m'kati mwa tayala monse, munga umakhala udakali momwemo. Palani pabowo mpaka mphira ichite mbuu, pakani guluu wochepa, ndiye dikirani aume asiye kunyezimira. Apa m'pomwe ndimakangana ndi makasitomala. Wakabaza amaima pambali, "Amakaniko, matani msanga, pasenjala akudikira." Chigamba choika pa guluu wamadzi chimamatuka tayala likatentha, ndipo msewu wa Liwonde kupita ku Ntaja masana a mu Novembala suchedwa kulitenthetsa. Akatero amabwerera kudzati ndinamubera. Guluu wotsegula kale amauma yekha m'thumba ndi kutentha kwa kuno, choncho nyamulani timachubu tiwiri ting'onoting'ono tosatsegula. Malume zigamba zogula sankazikhulupirira n'komwe. Anali ndi pisitoni yakale: ankaika mphira yaiwisi pabowo, n'kupanikiza ndi pisitoniyo, kuthiramo petulo pang'ono n'kuyatsa. Moto ukazima ankadikira mpaka chitsulo chizizire, akumwa tiyi, ndipo chigamba chotero chinkatha limodzi ndi chubu. Pisitoni imeneyo ndi ya pagalaja, m'thumba singalowe.

Kanati ka pa valavu musakamange mpaka pa limu. Mu mchenga wa kufupi ndi nyanja ya Chilwa anthu amaphwetsako mpweya kuti njinga isatitimire, tayala n'kumasuntha pa limu likukoka chubu. Valavu yomasuka imapendekeka n'kukuchenjezani, yomangitsa imazuka, ndipo pamenepo palibe chigamba. N'chifukwa chake ndimati pakhale chubu chapadera. DT ili ndi gudumu la mainchesi 21 kutsogolo ndi 18 kumbuyo. Chubu cha 21 chimalowa kumbuyo n'kukufikitsani kunyumba. Pampu ikhale yachitsulo.

Zotsalazo n'zazing'ono: pulagi yatsopano, makamaka pa DT poti injini yake imawotcha oilo pamodzi ndi petulo ndiye pulagi imada msanga, cholumikizira tcheni cha 428, chomwe kakilipi kake mbali yotseka imayang'ana komwe tcheni ikupita, waya wofewa, kapaipi ka petulo. Kebulo ya kilatchi yapadera ndimaimangirira pambali pa inzake. Chiyambire kusowa kwa mafuta mu 2022, anthu ambiri amagula petulo wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu, wina wosakaniza ndi madzi, choncho dziwani pomwe pali sikulu yokhetsera kabuleta.

Thumba lenilenilo ndimasoketsa kwa osoka nsapato, ndi lona yakale ya lole. Ndi nsalu yaitali yokhala ndi timatumba, chida chilichonse pakepake, yongopinda n'kukulunga, yopanda zipi. Mukaitambasula pansi zida sizitayika m'udzu, ndipo kathumba kopanda kanthu kamakuuzani kuti mwasiya chida. Zitsulo zongoponya pamodzi zimagundana ulendo wonse mpaka kuboola thumba, kapena chubu chapadera chija. Muzimange pa keliyala ndi malegeni, osati kuziberekera kumsana, chifukwa mukagwa mudzagwera pa zitsulo. M'dzinja kutani ndi pulasitiki, muikemonso kachitsulo kokokolera matope, poti dothi la makande limadzaza pakati pa tayala ndi madigadi mpaka gudumu kuima. Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023 njinga zambiri zinabwera kwa ine zili choncho, tcheni itauma ndi matope.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sipanala yabwino inakwera mtengo moti inenso ndimagula zogwiritsa kale ntchito, imodziimodzi, kwa ogulitsa zitsulo ku Limbe. Kasitomala akamva mtengo wa thumba langa amati ndi ndalama imeneyo agula ta pamsika titatu. Wina amafuna ndimubwereke zitsulo za malume "mawa ndibweza", zomwe sindilola. Amene wavomera mtengo, ndisanamupatse thumba ndimamuuza achotse gudumu lakumbuyo pomwepo pagalaja, atulutse chubu n'kuchibwezera, pogwiritsa ntchito za m'thumbamo zokha. Chida chimene wasowa timawonjezera, ndipo akatsina chubu amayambiranso, chigamba ndimamatira ine osamulipiritsa.